Zimene Sikelo Singatiuze za Mtima wa Mwana

Tsiku la sikelo limafanana kulikonse, kaya ndi pa Kabudula, pa Nsaru kapena pansi pa mtengo m'mudzi wa ku Nambuma. Mlangizi wa zaumoyo amakoloweka sikelo, mayi amatsitsa mwana kumsana, ndipo maso onse amakhala pa muvi. Muviwo ukakwera kuposa mwezi watha, mayi amamwetulira. Anzake amamufunsa kuti, “Kodi anzathu, mwanayu mukumudyetsa chiyani?” Kunyumba nako agogo amamunyamula mdzukuluyo n'kunena kuti, “Uyu ndiye mwana, taonani masayawa!”

Agogowo tisawaseke. Amene anaona njala ya 2002 m'chigawo chapakati amadziwa kuti mwana akayamba kutsika sikelo, maliro amakhala pafupi. N'chifukwa chake ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti kunenepa ndiye thanzi.

Koma mwana akakwanitsa zaka 5, kabuku ka kusikelo kamalowa m'sutikesi ndipo palibenso amene amamuyeza. Chikhalirecho, zaka za kupulayimale ndi zimene mtima, mitsempha ya magazi ndi minofu yake zimaumbidwa. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko timawaona pa anthu a zaka 40 kapena 50, koma mizu yake nthawi zambiri imayala munthu akadali mwana. Pali zinthu ziwiri zimene zimathandiza kudziwa kumene mwana akulowera: mafuta amene thupi lake lasenza, ndi mphamvu zimene thupilo lili nazo pothamanga ndi posewera. Sikelo imangotiuzako pang'ono za chinthu choyambacho, ndipo pa chachiwiricho ilibe mawu.

Mavuto awiri m'nyumba imodzi

Kafukufuku wa boma woona za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira, kutanthauza kuti anali aafupi poyerekeza ndi zaka zawo. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana pafupifupi 5 pa 100 alionse a msinkhu womwewo anali olemera mopitirira muyeso, ndipo amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyeso. Choncho si zachilendo kupeza mayi wonenepa ataberekera mwana wopinimbira.

Wina anganene kuti awa ndi mavuto a m'tauni. Bungwe la MEIRU linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016. Amayi onenepa mopitirira muyeso anali 44 pa 100 alionse m'tauni ndi 27 pa 100 alionse kumudzi. Koma pa kuthamanga kwa magazi, kumudzi ndi m'tauni kunalibe kusiyana kwenikweni: konseku anali anthu pafupifupi 13 mpaka 16 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti ali ndi vutoli. Ngati matendawa anafika m'midzi ya ku Karonga, ku Mpingu ndi ku Namitete kumene kuli kufupi ndi likulu la dziko sangalephere kufikako.

Kupinimbira ndi kunenepa zimaoneka ngati zotsutsana, koma zimagwirizana moopsa. Dokotala wa ku England, David Barker, anafufuza mabuku akale a ana obadwa ku Hertfordshire ndipo mu 1989 anasonyeza kuti amene anabadwa ndi sikelo yotsika ndi amene ankafa kwambiri ndi matenda a mtima atakula. Kafukufuku wina ku Helsinki m'dziko la Finland anaonjezerapo mfundo yofunika: amene anali pachiopsezo chachikulu ndi aja anali ochepa thupi pobadwa ndi pa zaka 2, kenaka n'kunenepa mofulumira pambuyo pake. Thupi limene linakula m'nthawi ya kusowa limaphunzira kusunga. Limamanga minofu yochepa, ndipo likadzapeza shuga ndi mafuta ambiri limaziunjika pamimba.

Kuno kwathu, ofufuza anatsatira ana amene anagonekedwa ndi matenda onyentchera m'wodi ya Moyo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2006 ndi 2007. Patatha zaka 7, anapeza kuti anawo anali ndi minofu yochepa, manja awo sankafinya mwamphamvu, ndipo ankatopa msanga pa mayeso olimbitsa thupi poyerekeza ndi abale awo ndi ana anzawo a m'dera lomwelo. Shuga ndi mafuta a m'magazi mwawo zinali zisanasokonekere. Apa tikuona kuti mwana amene anavutikapo ndi njala amafunika chakudya chomanga thupi ndi masewera omanga minofu, ndipo nthawi yomuthandiza imakhala ikadalipo.

Zimene zimachitika m'kati mwa thupi

Mwana akadya nsima, mbatata kapena mandasi, thupi limasandutsa chakudyacho kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulini, imene imatsegulira shugayo njira yolowera m'minofu ndi m'chiwindi. Gawo lalikulu la shuga wa m'chakudya limathera m'minofu. Minofu ikamagwira ntchito, imakoka shuga m'magazi mosavuta, ndipo imapitiriza kumvera insulini bwino kwa maola ambiri mwana atasiya kusewera. Ndiye kuti mwana amene wathamanga madzulo ano, thupi lake lidzalandira bwino phala la mawa m'mawa.

Mwana akamangokhala, kwinaku akudya zotsekemera ndi zokazinga, mafuta amayamba kuunjikana pamimba ndi m'chiwindi. Mafuta a pamimbawa ndi amene amachititsa kuti thupi lisamamvere insulini. Kapamba amakakamizika kutulutsa insulini yambiri kuti ntchito yomweija itheke. Angathe kutero kwa zaka zambiri mwana osadandaula kalikonse, mpaka tsiku limene adzatope, shuga n'kuyamba kukwera m'magazi.

Mtima nawo ndi mnofu. Mwana amene amathamanga tsiku ndi tsiku, mtima wake umapopa magazi ambiri pa kugunda kamodzi, motero akapumula umagunda modekha. Mitsempha yake imakhala yofewa, yotha kutamuka. Koma thupi likalemera kwambiri, mtima umakankha magazi mwamphamvu kuti afike paliponse, magazi amayamba kuthamanga, ndipo mafuta oipa a m'magazi amachuluka pamene abwino akuchepa. Zonsezi sizipweteka. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ana amene anatsatiridwa mpaka kukula

Mu 1973 dokotala Gerald Berenson anayamba kuyeza ana a sukulu m'tauni yaing'ono ya Bogalusa ku Louisiana m'dziko la America, ndipo anawatsatira kwa zaka zambiri. Atayeza matupi a ana ndi achinyamata amene anafa pa ngozi ndi pa zifukwa zina, anapeza kuti mafuta anali atayamba kale kumatirira m'mitsempha yawo ikuluikulu. Anali ochuluka mwa amene anali onenepa, othamanga magazi ndi a mafuta ambiri m'magazi.

Mu 2022 ofufuza a ku America, Finland ndi Australia anaphatikiza zotsatira za ana oposa 38,000 amene anayezedwa ali ndi zaka 3 mpaka 19, n'kutsatiridwa kwa zaka pafupifupi 35. Zinthu zisanu zimene zinaoneka ali ana, zomwe ndi kulemera kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, mitundu iwiri ya mafuta a m'magazi ndi kusuta fodya, zinalosera amene adzadwale mtima kapena sitiroko asanakalambe.

Nanga masewera amasintha chiyani? Ku Denmark, Estonia ndi Portugal, ana oposa 1,700 a zaka 9 ndi 15 anavekedwa timakina toyeza kayendedwe ka thupi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2006: ana amene ankayenda ndi kusewera pang'ono ndi amene ankapezeka kawirikawiri ndi mavuto angapo nthawi imodzi, monga magazi othamanga, mafuta oipa ndi thupi losamvera insulini. Tikaika pamodzi zimene akatswiri akhala akupeza, mwana wonenepa amene amathamanga amakhala bwinoko kusiyana ndi wonenepa amene amangokhala, ngakhale kuti masewera sachotsa chiopsezo chonse chobwera ndi mafuta a pamimba. Komanso mwana wochepa thupi amene sasewera asatinamize kuti ali bwino chifukwa choti malaya akumukwana.

Pali nkhani yolimbikitsa. Kafukufuku wa mu 2011, wa anthu oposa 6,000, anapeza kuti amene anali onenepa ali ana koma n'kufika pa thupi loyenera atakula, chiopsezo chawo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi chinali chofanana ndi cha amene sananenepepo. Thupi la mwana limatha kukonzeka.

Zimene zikusintha kwathu kuno

Ana a m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe akhala ndi chuma chimene ana a m'mizinda ikuluikulu amachisowa. Amayenda wapansi popita kusukulu, amapita kumjigo, amaperekeza makolo kudimba, ndipo madzulo pabwalo pamakhala phada, fulaye, jingo, chipako ndi mpira wachikulunga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zogundisa mtima kwa mphindi zosachepera 60 pa tsiku, ndipo masiku atatu pa mlungu azichita zamphamvu zolimbitsa minofu ndi mafupa. Padziko lonse, achinyamata 81 pa 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 sankafika pa muyeso umenewu mu 2016. Ana ambiri a kumudzi amaukwanitsa osadziwa n'komwe kuti kuli muyeso.

Koma tikayenda mumsewu wa Mchinji, kudutsa pa Mpingu, pa Msundwe mpaka pa Namitete, kapena tikakhotera ku Nsaru ndi ku Kabudula tsiku la msika, timaona moyo wina ukubwera. Pali chiwaya cha tchipisi, zigege ndi mandasi, timapaketi ta zokhwasula zamchere, masiwiti ndi tizakumwa tozizira ta m'mapepala pa chipata cha sukulu. Njinga zamoto za kabaza zafika kumene kale anthu ankapita wapansi. M'nyumba zoonetsera kanema ana amakhala kuyambira masana mpaka mdima, ndipo foni ya bambo ikalowa m'manja mwa mwana, pabwalo pamakhala zii.

Kusinthaku kumayambira m'mabanja amene zinthu zayamba kuwayendera: mphunzitsi, wogulitsa m'golosale, mlimi amene wagulitsa bwino soya kapena mtedza. Ifenso tili m'gulu limeneli. Tikapeza kandalama, chikondi chathu pa mwana timachisonyeza ndi botolo la chakumwa chotsekemera, ndipo timamukweza kabaza kuti asavutike monga tinavutikira ife. Botolo la mamililita 300 la chakumwa chotere limakhala ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 8. WHO imalangiza kuti shuga woonjezera asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya, ndipo n'kwabwino koposa akachepera theka la pamenepo. Kwa mwana wa kupulayimale, botolo limodzi limeneli latsala pang'ono kumaliza muyeso wa tsiku lonse, tisanawerengere shuga wa m'phala ndi wa m'thobwa. N'zoona kuti shuga wa m'Malawi muno amathiramo vitamini A, koma vitamini yemweyo ali m'mbatata yofiira m'kati, m'mapapaya, m'mango ndi m'masamba obiriwira.

Padziko lonse, ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 olemera mopitirira muyeso anali 8 pa 100 alionse mu 1990, ndipo pofika 2022 anali 20 pa 100 alionse. Ife sitinafike pamenepo, ndipo ndi mwayi wathu kuti tikuona njirayi tisanailowe kwambiri.

Kuyeza pakhomo ndi zizindikiro zofunika chipatala

Pali njira yosavuta yoyezera mwana wa zaka 5 kupita m'tsogolo. Tengani chingwe, muyeze nacho msinkhu wake kuyambira kuphazi mpaka pamutu, mudule, kenaka muchipinde pawiri. Zungulizani chingwe chopindacho pamimba pake, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, ndiye kuti mimba yaposa theka la msinkhu, ndipo n'kofunika kuti achipatala amuone. Iwo ali ndi matchati oyezera kulemera kwa ana malinga ndi zaka zawo komanso ngati ali anyamata kapena atsikana, pakuti muyeso wa akuluakulu sugwira ntchito pa mwana. Tikumbukirenso kuti mimba ikhoza kukula chifukwa cha njoka za m'mimba kapena kutupa kwa ziwalo za m'kati, ndipo mwana wotupikana mapazi ndi nkhope sananenepe, akudwala matenda osowa zakudya.

Mphamvu zake tingazione posewera. Kodi amamaliza masewera pamodzi ndi anzake, kapena amakhala pansi ena akadali m'bwalo? Kodi akathamanga, mpweya umabwerera msanga? Tionenso kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa. Khungu likada ndi kukhuthala ngati litsiro losachoka ndi sopo, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kusamvera insulini.

Komabe si mwana aliyense wotopa msanga amene ali waulesi kapena wonenepa. Kuchepa kwa magazi kobwera ndi malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba kumafooketsa ana ambiri. Palinso matenda a mtima oyamba ndi zilonda za pakhosi zimene sizinalandire mankhwala. Dokotala Amy Sanyahumbi ndi anzake anaunika mitima ya ana 1,450 a zaka 5 mpaka 16 m'boma la Lilongwe, m'tauni ndi kumudzi komwe, ndipo zotsatira za mu 2016 zinasonyeza kuti ana oposa 3 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa zisanaonekere kunja. Mwana amene amabanika, amamva kupweteka pachifuwa, amakomoka posewera, amatupa miyendo, kapena akumva kupweteka m'mfundo pambuyo pa zilonda za pakhosi, tisamukakamize kuthamanga. Timutengere kuchipatala.

Chimodzimodzinso mwana amene akumva ludzu kwambiri, akukodza pafupipafupi, wayambanso kukodza pogona ndipo akuwonda ngakhale akudya. Ameneyo angakhale ndi mtundu wina wa matenda a shuga umene subwera chifukwa cha kunenepa kapena kulakwa kwa makolo, ndipo amafunika kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene masisitere a ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, ndi chipatala cha Kabudula zili pafupi nafe, ndipo zikafunika zimatumiza odwala ku Kamuzu Central.

Zimene tingachite monga banja

Choyamba, titeteze nthawi ya masewera monga timatetezera nthawi ya chakudya. Ola limodzi pa tsiku silifunika kukhala la nthawi imodzi: ulendo wa kusukulu, fulaye wa pa nthawi yopuma ndi mpira wa madzulo zikaphatikizana zimakwana. Ngati sukulu ili pa mtunda woyendeka ndipo njira yake ndi yotetezeka, mwana ayende pamodzi ndi anzake. Tisamale kwambiri atsikana. Akangotha msinkhu timawauza kuti akula, asiye kudumphadumpha, ndipo ntchito za pakhomo zimawadyera nthawi yonse. Mtima wa mtsikana umafunika kuthamanga monga wa mlongo wake. Ntchito za pakhomo zoyenera msinkhu wa mwana n'zabwino, koma kusenza katundu wolemera kapena kugwira ganyu m'munda wa fodya si masewera olimbitsa thupi, ndipo kumavulaza.

Chachiwiri, tibwerere ku chakudya cha m'munda mwathu. Dera lathu lino limalima mtedza, soya, nyemba ndi mbatata, ndipo malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ali pafupi ndi Mpingu pomwepa. N'zomvetsa chisoni kugulitsa mtedza wonse n'kugulira mwana mabisiketi. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, futali, nsima ya mgaiwa ndi nyemba, nkhwani, bonongwe kapena chisoso, ndi magwafa, nthochi kapena masuku m'nyengo yake, zimamanga minofu ndipo zimalowetsa shuga m'magazi pang'onopang'ono. Mabanja amene sadya nyama aonetsetse kuti zanyemba zikupezeka tsiku lililonse, ndi mazira kapena mkaka ngati zilipo. Tisaganize kuti chilichonse chopanda nyama n'chabwino: tchipisi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera zilibe nyama, koma zimanenepetsa. Mwana akamapita kusukulu, mbatata yophika, chimanga chokazinga kapena mtedza m'kathumba zimaposa ndalama ya m'manja. Ludzu lithe ndi madzi, ndipo mchere ndi mafuta ophikira tizithira mochepa.

Chachitatu, tiike malire pa kanema ndi foni, ndipo ana azigona mokwanira. Mwana wa kupulayimale amafunika maola 9 mpaka 12 a tulo, ndipo wosagona mokwanira amalakalaka zotsekemera n'kusowa mphamvu zosewerera. Kwa ana a zaka 2 mpaka 4, WHO imati kuonera kanema kusapitirire ola limodzi pa tsiku.

Chachinayi, mwana wonenepa tisamunyoze kapena kumumana chakudya. Maina achipongwe amamuchititsa manyazi, amasiya kusewera ndi anzake, ndipo vuto limakula. Mwana akadakula, kawirikawiri chofunika n'chakuti sikelo isakwere mofulumira pamene msinkhu ukuonjezereka. Banja lonse lisinthe pamodzi, pakuti mwana sangamwe madzi bambo akumwa chotsekemera pamaso pake. Agogo nawo tikambirane nawo mwaulemu. Tingawauze kuti, “Agogo, mdzukulu wanuyu mumamukonda, tikudziwa. M'malo mwa masiwiti, muzimusungira mtedza ndi nthochi.”

Kumpingo tili ndi mwayi wina. Magulu a Adventurer ndi Pathfinder amaguba, amayenda maulendo a wapansi ndi kumanga misasa, ndipo atsogoleri ake angaonetsetse kuti mwana wonenepa kapena wofooka sakusiyidwa pambali. Pa chakudya cha pamodzi cha tsiku la Sabata, mabotolo a zakumwa angachepe, zipatso n'kuchuluka, ndipo masana ake banja lingayende limodzi kukaona odwala kapena kukaona chilengedwe.

Kabuku ka kusikelo kaja tikatulutse m'sutikesi. Kamodzi pa chaka, mwina potsegulira sukulu, timuyeze mwana msinkhu, kulemera ndi pamimba, ndipo tilembe. Ngati wanenepa kwambiri, ngati anabadwa wochepa thupi kapena anadwalapo matenda onyentchera, kapena ngati m'banja mwathu muli odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, tipemphe achipatala amuyezenso kuthamanga kwa magazi. Ndipo madzulo ano, tisanamuitane kuti alowe m'nyumba, tiime kaye pakhonde tione ngati akuthamanga pamodzi ndi anzake.